Phando la mng'ono wanga

Lero ndimasenda nandolo wamuwisi, zala zili nenene ndi utomoni wake, ndipo fungo lija landibwezera kumunda kwathu ku Kadewere.

Chaka chimenecho tinabzala atatu. Ababa ankakumba mapando, ine ndi mng'ono wanga tikuponya mbewu pambuyo pawo. Iye anatopa msanga, n'kukhuthulira nandolo yense wa m'kambale kake m'phando limodzi.

"Iwe, ukuyesa mbewu timatola pamsewu?" ababa anamukalipira.

Kenako kunabwera mvula yosakata ija. Khoma la nyumba linagwera pamphasa yomwe tinkagona awiri, ine ndi mng'ono wangayo. Ine ananditulutsa wamoyo, koma iye ayi.

Kumunda sindinapondeko mpaka nyengo yozizira, tsiku lomwe amayi anandituma kukapereka madzi kwa ababa. Kumapeto kwa mzere ndinapeza timitengo ta nandolo toonda, tothithikana paphando limodzi, titachita maluwa achikasu, njuchi zikulira pamenepo.

"Ababa, bwanji apa simunapatulire?"

Ababa anamwa madzi aja, otsalawo n'kuthira patsinde pake, n'kubwerera kukhasu.

Ine ndinakhala pansi pambali pa timitengoto, n'kusendera pang'ono, monga ndinkachitira pamphasa paja.