Kakompyuta Kako Anakasiya

Chaka chakwana lero, Yohane mwana wanga. Ndakumbukira tsiku lomwe unabwera ndi kakompyuta kuchokera ku Chipata, kakang'ono ngati njerwa. Ndinakunyoza: "Kanema wakeyo ndi ameneyu?" Iwe unangoseka: "Bambo, takhalani pansi." Utakalumikiza ku sikirini ndi masipika, anatulukira malemu amayi ako akuimba kwaya ku Guilleme. Ngakhale thukuta la pamphumi pawo ndinaliona bwinobwino.

Maliro ako atangotha, atsibweni ako ananyamula sikirini ndi masipika, ati ndi katundu wa mwana wa mlongo wawo. Kakompyuta anakasiya poganiza kuti zithunzi zimakhala musikirinimo. Sanandifunse n'komwe. Ndimakapukuta fumbi, Yohane. Amayi ako ali momwemo, akuimbabe, koma ndilibe powaonera.