Tsiku limene Yunike anaimitsa ahedi

A Gerishon anabwera ku Neno mu 1996 kudzaphunzitsa masamu, atanyamula sutikesi imodzi ndi kompyuta yakale imene mzungu wina anawasiyira ku Blantyre. Munthu wake wamfupi, tayi pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Magetsi kunalibe, ndiye kompyutayo ankaiyatsa ndi jenereta Lachisanu lokha.

M'kompyutamo munali gemu ya njoka yodya manambala. Ife tinkafuna kungosewera, koma iwo ayi ndithu. Ankatsegula mizere ya malamulo oyendetsa njokayo kuti tisinthe tokha. "Chinthuchi n'chopusa," ankatero. "Chimachita zimene wanena, osati zimene umafuna kunena."

Ahedi athu, a Laimoni, anamva zoti ife a Fomu 3 tikuweta njoka. Anati abwera kudzaona okha, ndipo ngati ndi masewera chabe, kompyutayo ipita ku ofesi izikalemba makalata. Mtima unatiwawa, sindikunama.

Tsikulo jenereta inakana kulira. A Gerishon thukuta kamukamu. Kenako anati, "Ahedi, inuyo mukhale njoka, muzichita zokhazo zimene mwauzidwa. Iwe Yunike, uziwalamula."

Yunike anali mtsikana wa ku Dambe, waulemu mpaka kutopetsa. Anapinda maondo. "Ahedi, mwina mukhoza kuyendako pang'ono."

"Kompyuta sidziwa mwina," anatero a Gerishon. "Nanga pang'ono ndi mapazi angati?"

"Yendani," anatero Yunike.

Ahedi ananyamuka, manja kumbuyo. Anadutsa desiki loyamba, lachiwiri. Kutsogolo kwawo kunali tebulo, pamwamba pake kompyuta ija. Iwo osakhota, osachepetsa liwiro. Yunike anayamba kufunafuna mawu oyenera munthu wamkulu. "Pepani ahedi, kapena mwina..." Phazi linatsala limodzi.

"Ima!"

Osati "imani". "Ima", ngati akukalipira mbuzi! A Gerishon anagwira tayi yawo.

Ahedi anaima, bondo litakhudza kale tebulo. "Ufulu wa matipate wafika mpaka m'kalasi eti?" Anapukuta magalasi. "Ukanapitiriza ulemu wakowo, chinthuchi ndikanachiswa." Basi anatuluka.

Kompyuta inakhalabe m'kalasi mwathu, ndipo a Gerishon anaphunzitsa nayo zaka zina zisanu. Masana a tsiku lomwe lija Yunike anapita ku ofesi kukapepesa, misozi ili m'maso. Ahedi anatseka chitseko n'kumufunsa chapansipansi ngati Lachisanu angawaphunzitseko kuyendetsa njoka ija.