Mano a m'mapiritsi a Leah

Mukafika pa Benga n'kufunsa za Mayi Rebeka, anthu akuyankhani ndi funso lomwe: "Aja a sayansi?" Eya, omwewo. Ndi mayi wamfupi, woyenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kuli mbee, ndipo akamanenerera nsomba pa msika mawu awo amakafika mpaka pa siteji ya minibasi. Anabadwira kufupi ndi ku boma, m'banja la mpingo wa Angilikani. Bambo awo anali kalipentala wokonza mabenchi a m'tchalitchi, munthu wofatsa, moti anthu ankadabwa kuti mwanayu liuma analitenga kuti.

Kuyambira ali mwana, zongouzidwa sankazimva. Amayi awo atawauza kuti chinangwa chowawa chimaviikidwa m'madzi masiku angapo kuti chisaphe anthu, iwo anafuna kudziwa kuti chimene chimatulukacho n'chiyani, ndipo chimatuluka liti. Ankakavuula chinangwacho m'mawa uliwonse n'kumalawa kunsonga kwa lilime. Anakwapulidwa, koma kufunsa sanasiye.

Atakula anaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera kwa zaka zambirimbiri, mpaka kupuma pa ntchito. Labotale panalibe. Iwo ankatola mabatire akutha a tochi, phulusa, mandimu, mawaya, chilichonse chimene ena ataya, n'kuphunzitsira. Mwana akanena kuti, "Madamu, ndi mmene zilili," iwo ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumufunsa kuti, "Wadziwa bwanji? Ndionetse nanenso." Theka la anthu a pa Benga anadutsa m'manja mwawo, ndipo mpaka lero abambo andevu zawo amabisa ndudu akawaona akubwera.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawakanika: mng'ono wawo Leah. Iyeyu sukulu anailekeza panjira, anakwatiwa, n'kukhazikika m'mudzi wa kudambo kumene amalima mpunga. Leah ndi wolankhula motsitsa, wosakonda mikangano, koma akakana chinthu mumtima, mungachite kubwera ndi thirakitala.

Chaka china, nthawi yowokera, Leah anagwa m'munda, chizungulire. Kuchipatala anamupeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku, ndipo anamuuza mosabisa kuti akasiya akhoza kufa ziwalo. Mawu amenewa Leah ndi mkulu wake ankawadziwa bwino. Amayi awo anagona pa mphasa zaka, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka, akuwatembenuza ngati mwana. Mayi Rebeka analumbira mumtima kuti mng'ono wawo sadzagona choncho.

Ndiye kunabwera nkhani ya Raston. Ameneyu anali msodzi, bambo wa ana atatu, ndipo nayenso anaphunzirapo kwa Mayi Rebeka asanasiye sukulu. Anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, ndipo atatsitsimuka anayamba kunena kuti amaona m'kati mwa zinthu. Akaika chinthu pamphumi n'kutsinzina, akuti ankaona tizinthu tating'onoting'ono timene timapanga chinthucho, ndipo dzina lake ankalitchula bwinobwino: maatomu. Sanali wakuba ayi, tisamunamizire. Sankalipiritsa munthu, ndipo zimene ankanenazo ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Anthu anayamba kumubweretsera dothi la m'munda, feteleza, madzi a pachitsime, kuti awaonere.

Mayi Rebeka atamva anangoseka. Kusekako kunatha tsiku limene anapita kukaona Leah n'kumupeza atamanga duku mothina pamphumi, maso ali psuu. Pawindo panali mapiritsi, mapaketi ake osatsegula n'komwe.

"Iwe Leah, ichi n'chiyani?"

"Ndinasiya, achemwali," anatero Leah. "A Raston anaona. Akuti maatomu a m'mapiritsiwa ali ndi mano, amazungulira n'kumakala mitsempha. N'chifukwa chake ndimamva kufooka."

Iii, Mayi Rebeka anayatsa moto! Anakalipa mpaka nkhuku zinathawa pakhomo. Anatchula madokotala, anatchula mabuku, anatchula amayi awo. Leah anangopitiriza kupeta mpunga. Mkulu wake atatopa, iye anafunsa motsitsa: "Inuyo achemwali, maatomuwo munawaonapo?"

"Ayi. Palibe amene amawaona ndi maso."

"A Raston amawaona."

Mawuwa anawabaya. Mayi Rebeka anabwerera kwawo, ambulera ili m'khwapa. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti funsolo linali labwino, lofanana ndi mafunso amene iwo ankafuna kuti ana awo a sukulu azifunsa. Anaona kuti kukalipa sikuthandiza. Ngati Raston amaonadi, aonetse. Ngati saona, Leah adzionere yekha.

M'mawa mwake anadzuka mothamanga, anakatenga Leah, n'kupita naye kwa Raston. Anapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, ena ndi timapepala ta feteleza, ena ndi mabotolo a madzi. Raston atawaona anadzuka msangamsanga n'kuwapatsa mpando wake.

"Madamu, mwatiyendera?"

"Ndabwera kudzaphunzira, a Raston," anatero iwo, akumupatsa ulemu pamaso pa anthu. Anatulutsa piritsi limodzi la Leah. "Taonani m'katimu, ndipo mutijambulire pansipa zimene mukuona. Musasiye kanthu."

Raston anaika piritsi pamphumi, anatsinzina, nkhope yake n'kuchita thukuta. Kenako anagwada n'kuyamba kujambula pamchenga ndi kamtengo. Pakati anajambula chinthu chobulungira. "Ichi n'chachikasu," anatero, "chokwinyikakwinyika." Anazunguliza mizere ngati mipiringidzo. Pamizerepo anaikapo timagudumu, ndipo kalikonse anakalemba timano m'mphepete mozungulira. "Itu ndi tofiira. Manowa ndi amene akupweteka amayiwa."

Anthu anawerama kuti aone. Mayi Rebeka anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje, anawavalanso. Ndiye ulemu uja unathera pomwepo.

"Raston iwe! Mwana wanga! Unkakhala pati m'kalasi mwanga?"

"Kutsogolo, Madamu, cha kuwindo."

"Nanga pamwamba pa mutu wako pankalendewera chiyani?"

Raston anayang'ana chojambula chake, pakamwa pali yasa. Mayi Rebeka anatembenukira kwa anthu n'kuwafotokozera. Chaka chimene Raston anali mu Fomu 1, iwo anapanga chithunzi cha atomu choti ana azichiona, n'kuchipachika ku phaso. Pakati anaikapo ndimu, imene inauma n'kukwinyika. Mipiringidzo inali waya wa mabuleki a njinga. Tozungulira tija, timene asayansi amati maelekitironi, anatipanga ndi zitsekerero za mabotolo a zakumwa, zofiira, zokhala ndi timano m'mphepete. "Mano amenewa ndinawatola ndekha kuseri kwa golosale," anatero. "Si a m'piritsi ayi."

Wina anaphulika kuseka. Koma Raston sanali chitsiru. Anadzuka, anasasa mchenga m'mawondo, n'kunena kuti, "Madamu, inu munapanga chija potengera zoona. Ngati ine ndikuona zofanana nacho, ndiye kuti ndikuona zoona."

"Wayankha bwino," anatero Mayi Rebeka, ndipo anakondwadi, poti wophunzira wotsutsa ankamukonda. "Koma tamvera. Chija chinali chongothandizira ana kuti ayambirepo. Asayansi amati elekitironi ilibe mtundu, ilibe m'mphepete, ndipo siyenda pamzere ngati njinga pamsewu. Malo ake amakhala ngati nkhungu, sungaloze kuti ili apa. Iwowo sanazione ndi maso, anazipeza poyesa mobwerezabwereza, wina kuno wina kutsidya la nyanja, mayankho n'kumafanana. Ukanaona atomu yeniyeni, ukanandiuza zimene ine sindinakuphunzitse. Iwe waona ndimu yanga."

Sanafune kuti nkhani ithere pa mawu awo okha. Anapempha mkazi wa Raston ufa wa kondowole pang'ono, anaphwanya mapiritsi angapo a Leah ndi supuni mpaka kukhala ufa, n'kukulunga zonsezo m'timapepala tofanana. Anaitana a Hussein, telala amene anabwera ndi madzi a pachitsime chawo, munthu amene aliyense ankamukhulupirira. A Hussein anatembenukira kumbali, anasakaniza timapepalato pansi pa lichero, iwo okha akudziwa kuti aka ndi kati.

"Tsopano tiuze muli mano ndi mopanda mano," anatero Mayi Rebeka.

Raston anayesa. Koyamba analasa, anthu n'kuwomba m'manja, Leah n'kuyang'ana mkulu wake cham'mbali. Kachiwiri anaphonya. Anapitiriza choncho, kwina kulasa kwina kuphonya, ndipo mano oopsa kwambiri anawapeza mu ufa wa kondowole wa mkazi wake yemwe. Kenako Mayi Rebeka anaitana mayi wina wogulitsa usipa kuti angolotera, osatsinzina, osaika pamphumi. Nayenso analasa kwina, kuphonya kwina, chimodzimodzi Raston.

Apa anthu anaseka mokweza, wina mpaka kugwira m'mimba. Mayi Rebeka anamenya ambulera pansi. "Chete! Mukuseka chiyani? Si inu nomwe mwabwera ndi mabotolo? Munthuyu wavomera kuyesedwa poyera, inu mukanavomera?"

Raston anakhala pansi, misozi ili lengelenge. "Koma ndimaona ndithu, Madamu. Sindinama."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Umaonadi, koma zili m'mutu mwako, ndipo anaziikamo ndine. Uziona ndithu, palibe akukuletsa. Koma mankhwala a anthu uwasiye. Muuze wekha mng'ono wangayu."

Raston anatembenuka. "Amayi," anatero kwa Leah, "kamweni mankhwala anu. Ine ndinalakwitsa."

Pobwerera, Mayi Rebeka ankayenda ngati msilikali, akubwereza nkhani yonse kwa Leah ngati kuti iye kunalibe. Mumtima anali atamaliza kale: nkhani yatha. Atafika pakhonde la Leah anatenga paketi pawindo, anathyola piritsi, n'kumupatsa.

Leah sanatambasule dzanja.

"Asa! Nanga tsopano n'chiyaninso? Sunaone ndi maso ako?"

"Ndaona, achemwali. A Raston mwawagonjetsa, inu simugonja." Leah ankalankhula akuyang'ana pansi. "Koma womwa ndine. Inu mukudziwa kuwawa kwake kodzuka m'mawa uliwonse n'kukumbutsidwa kuti ndiwe wodwala mpaka kumanda? Kukhala pamzere kuchipatala, anthu akukuloza kuti uja anagwa m'munda? Inu ndinu chitsulo, mutu womwe sukupwetekani. Mukabwera kuno simundifunsa kuti ndagona bwanji, mumangowerenga mapiritsi pawindo. A Raston anandiuza zabodza, chabwino, koma tsiku limenelo ndinadzimva ngati munthu wabwinobwino. Ndatopa, achemwali. Ndikuopa, ndipo ndili ndekha."

Mayi Rebeka anabweza piritsi lija pawindo. Anakhala pansi pa khondepo, anaika ambulera pambali. Manyazi anawagwira, ndipo chifundo chinawagwiranso. Anatsegula chikwama chawo, anatulutsa kabokosi kosungira magalasi, anakatsegula. Pansi pa kansalu kopukutira panali paketi ya mapiritsi, theka atamwa kale. Anaiika pambali pa ya Leah. Zinali zofanana ndendende.

Leah anatola mapaketi onse awiri, anawatembenuza, anayang'ana mkulu wake. "Awa ndi a yani?"

"Anga."

"Kuyambira liti?"

"Ndisanapume pa ntchito. Ndimakatengera ku boma, kuti anthu a pa Benga asandione pamzere. Nanenso ndimaopa, Leah. Ndimaopa kwambiri."

"Inu! Inu achemwali!" Leah anawomba m'manja kamodzi, osadziwa kuti aseke kapena alire, ndipo anachita zonse ziwiri. "Nthawi yonseyi mukundikalipira ngati mwana wa Fomu 1, chikhalirecho ndinu mnzanga? Maatomu mumawafotokoza pagulu, izi zokha mukubisa m'magalasi?"

Leah anapukuta maso ndi nsonga ya duku, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ya madzi. Anatola piritsi lija, analiika pa lilime, anameza. Kenako anayang'anitsitsa paketi ya mkulu wake.

"Lero mwamwa?"

"Ndinatuluka mothamanga," anatero Mayi Rebeka, akuyang'ana kumbali.

"Simunamwe? Mwapita kukayesa anthu pansi pa mango musanamwe? Mukufuna kuti ndizikutembenuzani pa mphasa ine?" Leah anathyola yekha piritsi, analiika m'dzanja la mkulu wake, n'kuwapatsa kapu yomweyo. Anaima chiimire, manja m'chiuno, mpaka anaona kuti ameza.