Feteleza pa Maluwa a a Sipoko

"Wathira feteleza apa ndani? Atuluke ndimuone nkhope!"

Anali a Sipoko amenewo, okonza njinga, sipanala ili m'manja, akuloza patsinde pa maluwa awo. Timibulu toyera tinali mbwee pansi, masamba atapsa kale m'mbali ngati awawula ndi moto.

Musawaone chonchi a Sipoko, girisi mpaka m'makutu. Anakulira m'nkhalango akucheka matabwa, kufikira macheka ataletsedwa. Pobwera m'tauni sanatenge mpando kapena mphasa. Anakumba chomera choyanga cha kutchire, chija chimakwera mitengo n'kutulutsa maluwa ofiirira ngati timabelu, n'kuchinyamula m'chidebe ndi dothi lake lomwe. Anthu anaseka: "Achimwene, anzanu amabwera ndi mbuzi, inu udzu?" Udzuwo unakwera waya wa mpanda n'kusanduka denga. Pansi pake m'pamene akhala akumata machubu zaka zonsezi, ana mpaka kumaliza sukulu.

Koma malowo si awo. Mayi eni mpanda ananeneratu: "Ndikukusungani chifukwa cha maluwawa. Tsiku adzaume, mudzanyamule zitsulo zanu."

Ndiye chomerachi n'chamakani ngati mwini wake. Chinazolowera mchenga wopanda chonde. Ukachipatsa zonona, chimafa. Msewu wonse umadziwa zimenezi, poti a Sipoko salola ngakhale madzi otsukira mbale kufika pamenepo.

Geti linatseguka. Anatuluka amuna awo a mayi eni mpanda aja, akukanda m'mutu.

"Ndine, a Sipoko. Anatsala wa kudimba, ndiye ndimati ndikuthandizeni. Maluwawa amaoneka owonda."

"Owonda! Inenso ndine wowonda, bwanji simunandithire m'kamwa?"

Mayi ogulitsa nthochi anaseka mpaka kugwira nthiti. A Sipoko sanaseke. Anagwada n'kuyamba kukokolola dothi ndi manja, n'kukhuthulirapo beseni lonse la madzi oyesera machubu. Mizu inali itada kale bii.

Mayi eni mpanda nawo anasuzumira pageti. Anayang'ana masamba, anayang'ana mulu wa matayala.

"Paja tinapangana, a Sipoko."

"Tinapangana akauma okha, mayi, osati akaphedwa! Pano sindisuntha, olo mumasule agalu. Wowapha mumagona naye nyumba imodzi. Bambo, musazembere kuseri kwa geti ayi! Bwerani muime apa, anthu onsewa akumva, muwayankhe akazi anu: achoke ndani pano, ine kapena inu?"