Gadiyani wa kanema wakale

"Chinthu chanu chikapita kwa mmisiri, maso anu apite nacho limodzi." Anandiuza zimenezi ndi malemu amuna anga, tsiku lomwe anatsitsa kanema m'thiraki yomwe ankayendetsa, akuchokera ku Chipata. Ankati amisiri ena amachotsa chitsulo chabwino n'kuikamo chakutha, mwiniwake n'kumathokoza.

Nthawi imeneyo dziko lathu linali lisanakhale ndi kanema wakewake, koma ife a ku Kachebere kuno tinkakola wa ku Zambia. Eriyo tinaimangirira kunsonga kwa mtengo wautali wa bulugamu. Wina ankaima panja kuzunguza mtengowo, am'nyumba akumuuza kuti pang'ono, bwerera, wapitirira, mpaka nkhope za anthu zitatuluka m'timadontho tija. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera, moto wake wa batire ya galimoto. Loweruka masana tinkamutulutsa pakhonde, ndipo bwalo linkadzaza: matenanti a ku esiteti ya fodya ndi akazi awo, ena ochokera ku Mulanje, ena ku Mangochi, ana pamkeka kutsogolo. Ine kuonera sindinkaonera kwenikweni. Ndinkakhala pakhomo la khitchini kuyang'ana manja a anthu, poti nkhuku zanga zinkaikira mazira kuseri. Koma phokoso lawo lija ndinkalikonda, ngakhale sindinauzepo munthu.

Amuna anga atamwalira, kanemayo anagwirabe ntchito kanthawi, kenako tsiku lina ananunkha ngati mphira wopsa n'kuzima. Ndinamufunditsa nsalu. Anthu anayamba kuchepa, mapeto ake anasiyiratu. Ana anga ali kutali, wina ku Lilongwe, wina ku Joni. Masiku ano dzuwa limatuluka n'kukalowa osamva odi pakhomo. Ndiye chilimwe chathachi ndinati, kanemayu akayakanso, mwina bwalo lidzalanso.

Ndinamukulunga m'chitenje, ndinakwera naye njinga yamoto, nditamukumbatira pamimba mpaka pa boma. Kumeneko kuli bambo wina wa imvi zapatalipatali amene amakonza mawailesi pakhonde la sitolo. Anandiuza kuti ndimusiye, ndidzabwere sabata yamawa. Ndinayala chitenje pansi n'kukhala.

"Agogo, kodi mwabwera ngati gadiyani wa kuchipatala?"

"Eya. Wodwala wanga sagona yekha."

Atatsegula kumbuyo munatuluka mphemvu, ndipo pakona mavu anali atamanga nyumba yawo yadothi. Ndisanamulole kugwira chilichonse, ndinatulutsa kabotolo ka kyutekisi wofiira, wopaka m'zikhadabo uja, komwe mdzukulu wanga anaiwala, kuti ndidonthezere chizindikiro pa kachitsulo kalikonse. Anandigwira dzanja. Anati galasi lalikululo limasunga moto ngakhale litazima kalekale, ndikakhudza pena pake ndikadzukira kuchipatala chenicheni. Sindinamukhulupirire msanga, mpaka anagunditsa sikuludiraiva pansi pa kamphira kena, kunamveka kuthetheka. Basi, kyutekisiyo anapaka yekha, ine ndikuloza.

Ntchito inatenga tsiku lonse. Anapukuta fumbi ndi kaburashi, anawotcherera mawaya omwe makoswe anadya, kenako anandionetsa kachitsulo kotupa ngati nkhupakupa yokhuta. Kenakake kofanana nako anakazula m'kanema wina wakufa amene anali pansi pa tebulo lake. Ndinafunsa kuti mwini wake wa ameneyo akudziwa? Anati mwini wake anamusiya pomwepo kale kwambiri osabweranso, ndipo mwina nayenso analibe gadiyani. Kotupako ndinakamanga pamfundo ya chitenje changa. Ndi kanga.

Galasi litayamba kuwala pang'onopang'ono kuchokera pakati, m'maso mwanga munadzaza misozi. Ndinati ndi utsi wa chowotcherera chake. Koma munalibe nkhope, timadontho tokhatokha. Anandifotokozera kuti masiku ano zithunzi sizibwera monga kale, pamafunika kabokosi kotchedwa dikoda. Ndinaganiza kuti wayamba zija, koma wogulitsa mu sitolomo ananenanso chimodzimodzi, ngakhale n'kutheka kuti anapangana. Ndinagula, analumikiza, ndipo munatuluka mayi wowerenga nkhani, wakuda ndi woyera ngati kale.

Loweruka lotsatira ndinasesa bwalo, ndinayala mikeka, ndinamutulutsa pakhonde n'kukweza mawu. Anabwera amayi awiri oyandikana nawo nyumba. Anaseka, anati akukumbukira masiku aja, mmodzi anafunsa ngati mtundu wa zithunzi unatha ndi ukalamba. Posakhalitsa lamya ya winayo inalira, anayamba kuonetsana za pamenepo, kenako anatsanzika kuti nyemba zipserera. Matenanti aja ambiri anabwerera kwawo, ena tinaika. Ana a masiku ano amadutsa pamsewu maso ali m'manja.

Kanemayo ndimamuyatsabe masana alionse, mawu ake amandithandiza kudya. Koma iye safunsa ngati ndadzuka bwanji. Choncho inu amene mukuwerenga izi, mukamadutsa njira ya kumalire, patukani. Nyumba yake ndi ya malata adzimbiri, ya mtengo wautali wa eriyo pambali. Muimire pampanda, munene dzina lanu ndi kwanu, ndikuoneni kaye pazenera. Mukaona kuti dzuwa lakwera chitseko chili chotsekabe, musapitirire. Gogodani mpaka ndiyankhe.