Mwala wa ku Mangalande

Mwala uja unali wakuda kuposa anzake onse pakhoma la katchalitchi ka Angilikani kunja kwa tauni ya Nigel ku Joni, komwe amayi ankasesa Loweruka lililonse. Wansembe sankatopa kufotokoza mbiri yake. Ati unachokera m'katchalitchi ka mudzi wina ku Mangalande, komangidwa kalekale, azungu asanadziwe n'komwe kuti kuli Joni. Anyamata a m'mudzimo, pobwera kudzakumba golide, anaugumula n'kuutenga kuti azipemphera pafupi ndi kwawo. Ine ndinkangoona mwala wozizira, wosalala ndi manja a anthu.

M'chisanu cha chaka china bambo anamwalira ndi chifuwa. Tinawaika konkuno. Sindinalire, mumtima munalibe kanthu. Chomwe ndimakumbukira ndi milomo yosweka ndi fumbi loyera la m'migodi lolowa m'mano. Amayi anatapa dothi la pamanda n'kuliika m'kachitini ka tiyi, kuti likathiridwe kumanda kwawo kwa bambo ku Mulanje, mzimu wawo ufike kumudzi. Amayiwo sakanapita, chifukwa analibe mapepala obwererera. Amalume analonjeza kukapereka pa Khirisimasi. Khirisimasi ya amalume anga mpaka lero sinafike.

Mwini nyumba yomwe tinkachita lendi atamva za dothi la kumanda, anati lichoke pakhomo pake. Ndiye amayi anakalowetsa kachitiniko m'phanga la kuseri kwa mwala uja, pomwe simenti inagumuka. Anati bambo akhale kaye ndi mlendo mnzawo.

Chisanucho chisanathe katchalitchi kanatsekedwa, poti opemphera anangotsala nkhalamba zochepa. Anthu a m'mudzi wa ku Mangalande uja anapempha mwala wawo. Kunabwera amuna ndi nyundo, anauzula, naukulunga m'bulangete latsopano. Amayi anasolola kachitini msangamsanga n'kukabisa m'thumba la epuloni. Galimoto ikunyamuka, anagwada pafumbi, nawomba m'manja chapansipansi.

"Pitani bwino. Mukafike."

Ndinaseka. Ndani amatsanzikana ndi mwala? Amayi sanandikalipire, sanandiyang'anenso. Tinayenda kukakwera takisi, kachitini kakugunda pantchafu yawo.

Lero amayi kulibe, ndipo kachitiniko kali pamwamba pa wadiropu yanga ku Primrose, konkuno ku Joni. Tsiku lija ndinkayesa kuti asokonezeka mutu ndi maliro. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angachitire nsanje mwala.