Zuleka ndi Mapilitsi Osawawa

Zuleka wakhala akuyanika usipa kudoko kwathu kuno chiyambire utsikana wake. Salankhula zambiri. Dzanja lake lamanzere silifumbata, ndipo obwera kumene amayesa anabadwa choncho. Ine ndinalipo tsiku limene linathyoka.

Mwamuna wake, Ayub, ndi msodzi, ndipo amadwala khunyu. Akamamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo sagwa. Kwa zaka zambiri ankamwa a m'katoni ya buluu, a dzina lotchuka, womukumbutsa ali Zuleka.

Chaka chimenecho, usodzi wa pachilumba cha Mbenji utatsala pang'ono kutsegulidwa, Zuleka anapita kwa Chrispin, mwini kashopu ka mankhwala pamsika. Ndalama zake zinkangokwana katoni ya mwezi umodzi. Chrispin anatulutsa mapilitsi ena oyera, a dzina losadziwika.

"Mayi, mankhwala ake ndi omwewo, mphamvu ndi yomweyo. Chasiyana ndi fakitale ndi katoni basi. Pa ndalama zomwezi mutenga a miyezi itatu."

Anatenga. Pachilumbapo mkazi saponda, choncho anawathira m'botolo lotseka bwino n'kupatsa mlamu wake Salimu, mkulu wa Ayub komanso mwini boti, kuti azimukumbutsa.

Asodzi ena ali ndi kayesedwe kawo ka mankhwala. Amaluma. Akapanda kuwawa, amati ndi ufa. Atafika pachilumba, Salimu analuma pilitsi limodzi, nalavula, nati Chrispin wagulitsa choko kwa mlamu wake. Botolo lonse analiponya m'madzi. Tsiku lachisanu Ayub anagwa pafupi ndi moto wowambira nsomba. Phewa ndi tsaya zinapsa anzake asanamukoke.

Anzake anabwera naye pa boti m'mawa. Zuleka anakwera naye galimoto ya kuchipatala, koma dzuwa litakwera Salimu analunjika kumsika ndi amuna asanu, nkhafi ili paphewa. Ine ndinali pakhonde la telala, ndikusoka ukonde.

"Tuluka, dokotala wa choko," anatero Salimu.

Chrispin anatuluka akupukuta m'manja. "A Salimu, kwagwanji?"

Nkhafi inamupeza pakamwa. Mano awiri anagwera pasimenti. Anamukoka ndi kolala mpaka pamsewu n'kuyamba kumuponda m'nthiti. Ena analowa m'shopu, nagwetsa mashelefu, mabotolo n'kumasweka. Anthu a pamsika anazungulira. Mayi wina wogulitsa tomato anaponya njerwa, koma nkhani yake sankaidziwa. Ine ndinaimirira, koma sindinasunthe.

Kenaka mmodzi anabwera ndi chigubu cha petulo wa injini.

Zuleka anatsika panjinga ya kabaza nthawi yomweyo. Ayub anali atamuuza zonse m'galimoto, ndipo atangomugoneka kuchipatala iye anabwerera. Sanakuwe. Anapyola pakati pa anthu, nagona pamwamba pa Chrispin, atamuphimba mutu ndi dzanja. Nkhafi inali kale m'mwamba. Tonse tinamva fupa likulira.

Zuleka anadzutsa mutu, mpango utagwa.

"Alamu, m'bale wanu anamwa angati?"

"Chokanipo, alamu. Munthu uyu wapha mng'ono wanga."

"Sanafe. Ndikufunsa, mapilitsi aja anamwa angati?"

Salimu anayang'ana kumbali. Amene anayankha ndi Yesaya, wonyamula chigubu uja.

"Sanamwe ndi limodzi lomwe. Munataya nokha, bwana. Tinkaona."

"Sankawawa," anatero Salimu.

"Inu mumadwala khunyu kuti mudziwe kukoma kwake?" anafunsa Zuleka.

Yesaya anatsitsa chigubu. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mayi wa tomato uja patsogolo. Telala ndi ine tinanyamula Chrispin. Diso lake lakumanja linali litaphulika.

Salimu anakagwira ukaidi. Chrispin atachira sanatsegulenso shopu, anabwerera kwawo ku Chitala.

Ayub anakhala m'chipatala masabata asanu. Mapilitsi amene anamwino ankamupatsa kumeneko anali oyera omwe aja. Tsiku loyamba anakana, ati achimwene ake anati ndi choko. Zuleka, dzanja lili m'chikhakha, anakhala pambali pa bedi ndi kapu ya madzi mpaka dzuwa kupendeka. Ayub anameza.

Ku Mbenji Ayub sanapitenso. Masiku ano amawedza pafupi ndi bwato laling'ono, masana n'kubwerera. Mankhwala Zuleka amakagula ku boma, miyezi itatu iliyonse, ndipo botolo amasunga yekha. Papita zaka ziwiri Ayub asanagwe.